Chipewa cha agogo aja pa Munali

Papita miyezi inayi, koma ndikangotseka maso ndimachionabe chipewa chija. Chakuda, chothetheka m'mphepete, mwini wake atachigwira ndi manja awiri pachifuwa ngati munthu amene waitanidwa kubwalo la mfumu. Mvula ikuwaza padazi pawo. Akupepesa kwa ine, chonsecho wogunda mnzake ndine.

Nkhaniyi ndaifotokozapo kuntchito, ndaifotokozanso kwa anzanga a kwaya, ndipo konseko anthu amaseka pa mazira. Akaseka ine ndimasekanso, kenako nkhani imathera pomwepo, ndisanafike pamene pamandiwawa. Lero ndikufuna ndifikepo.

## Ka Vitz

Galimoto yanga ndi Toyota Vitz yotuwa, injini yake ya 1,000cc. Ndinaiitanitsa ku Japan mu 2018 nditalandira chilimba n'kuwonjezera ndi kangongole. Inatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde monga zimalowera zinzake zambiri zimene mukuziona mu Great East Road. Tsiku limene inafika ku Chelstone, amayi anga anaizungulira katatu akuimba nthungululu. M'banja mwathu monse, kuchokera kwathu ku Katete mpaka kuno, mkazi woyamba kugula galimoto ndi ndalama zake ndinali ine.

Koma mumsewu siitchedwa galimoto. Ndi kagalimoto. Pano pa Lusaka amangoti "ka motoka", kapena "ka Vitz". Simudzamva munthu akuti "ka Land Cruiser". Imeneyo ndi "chi V8", "chi Prado", "chi Hilux". Chodabwitsa n'choti kumudzi ukamutchula munthu kuti "chimunthu" wamunyoza, koma pamsewu chi ameneyu ndiye ulemu. Wina akati "abwera ndi chi motoka", mawu ake amatsika pang'ono ngati akutchula apongozi.

Moyo wa mu ka Vitz amene amayendetsa tofanana nako akuudziwa. Pa maloboti a pa Manda Hill hutala imalira kumbuyo kwako nyali yobiriwira isanayake n'komwe. Minibasi ikafuna kutuluka pa siteji siyang'ana ngati ulipo, kondakitala amangotulutsa dzanja, ndiye kuti wakuuza. Usiku wina amabwera kumbuyo ndi nyali zake zazitali zolunjika ndendende pagalasi lako, kukuthwanimira kuti uchoke, ngakhale kumanzere kwako kuli ngalande. Kuukwati akalozera magalimoto poimika, iwe amakutumiza kuseri kumene akuphikira. Ndipo chibwerere Yango, matakisi oitanira pafoni aja, mu 2022, kangapo konse munthu wanditsegulira chitseko chakumbuyo pa East Park n'kukhala bwinobwino, foni ili m'manja, akundiuza koti ndimusiye.

Zaka zonsezi ndinaphunzira kuyendetsa mopepesa. Ndimakweza dzanja kuthokoza ngakhale pamene mpata unali wanga kale. Sindinkaona ngati n'chinthu. Ndinkati ndi khalidwe.

## Makiyi a alamu

Mu January magiya a ka Vitz anayamba kulumpha. Makaniko wanga anati chitsulo chake chisakidwe kaye, ndipirire masabata atatu. Mwamwayi alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, ankapita kukagwira ntchito ku Solwezi kwa mwezi wathunthu pa galimoto ya kampani. Anabwera madzulo n'kuika makiyi patebulo.

"Mlamu, ana asamavutike m'minibasi ndi mvulayi. Ingosamalani pokhota, ndi yaitali."

Inali Prado yakuda, magalasi ake akudanso moti wapanja saona amene ali mkati.

M'mawa woyamba ndinakwera mochita kugwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, siketi nditaikwinya m'dzanja. Nditafika kuntchito, mlonda wa pageti amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akundipatsa buku kuti ndilembe dzina ndi nambala ya galimoto anathamanga kukatsegula geti mbali zonse ziwiri, n'kuima chilili, dzanja pachipumi. Nditatsitsa galasi anazindikira kuti ndine. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, osadziwa kuti alipititse kuti, mpaka anakanda nalo khutu. Tonse awiri tinachita manyazi. Koma buku sanandipatse.

Ulemuwo unali ndi mtengo wake. Mayi amene ndimamugula nthochi pamphambano anakweza mtengo asanandione nkhope, atandiona anati lilime laterereka. Pothira mafuta mnyamata anafunsa mokweza kuti, "Fulu tanki, bwana?" Thanki ya Vitz imadzaza ndi malita 42, iyi imameza oposa 80. Ndinayankha chapansipansi kuti athire a K300 okha.

Nditamufotokozera zimenezi mwana wa achimwene anga amene amaphunzira ku yunivesite ya UNZA, anaseka n'kunena kuti si za Lusaka zokha. Mu 1968 ku California akatswiri awiri, Anthony Doob ndi Alan Gross, ankaimika galimoto pa maloboti, nyali yobiriwira ikayaka osanyamuka dala, n'kumawerenga nthawi imene wakumbuyo atenge asanaimbe hutala. Ikakhala galimoto yakale yooneka yosauka, anthu ankaimba msanga. Ikakhala yatsopano yodula, ankadikira, ena osaimba n'komwe. Ndinamuuza kuti akanangobwera kudzandifunsa ine, sakanawononga mafuta.

## Pamsana pa njovu

Chimene sindinamuuze mnyamatayo n'chimene chinkachitika mwa ineyo.

Pofika tsiku lachitatu indiketa inali itasintha ntchito. Mu Vitz ndikayatsa indiketa ndimakhala ndikupempha, ndipo ndimadikira kuti wina andimvere chisoni. Mu Prado ndinkayatsa ndikulowa kale. Anthu ankapatuka. Ngakhale minibasi, imene ndinkaganiza kuti siopa chilichonse padziko lapansi, inkagwira mabuleki.

Mu kagalimoto umaona nkhope za anthu. Maso ako ali pamzere umodzi ndi a dalaivala mnzako, umaona kuti uyu watopa, uyu akukangana ndi mkazi wake, uyu ndi wophunzira kumene ndipo wagwira chiwongolero ngati akufinya nkhuku. Ukakwera pamwamba umaona madenga. Denga lofiira, denga loyera, denga la dzimbiri. Denga sulimvera chisoni. Phokoso la panja silikufika, maenje amene ndinkawaloweza pamtima mumsewu wa kwathu ndinkangowamva ngati kachikhosomo pansi pa mpando. Madzi amene ndinkawazemba ndinayamba kuwadula pakati, ndipo sindinayang'anepo pagalasi kuti ndione amene ndawathira matope.

Loweruka lina chitsiriza wanga wa zaka zisanu anathamangira mpira wake kutsogolo kwa galimoto ndili mkati, injini ikulira. Sindinamuone. Anakuwa ndi bambo ake. Titatsitsa mtima tinamuimika dala pafupi ndi bampala, ine n'kukhala pampando wa dalaivala. Boneti inamubisa yense, ngakhale tsitsi silinkaoneka. Tinamubweza m'mbuyo phazi ndi phazi mpaka mutu unatulukira, ndipo mtunda wake unandiumitsa pakamwa. Mu Vitz mwana yemweyo ndimamuona kuyambira pachifuwa.

Bambo a kunyumba, amene sakonda zolankhula zambiri, anangoti, "Mayi, ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame." Ndinawayankha kuti njovuyo ndi ya akulu awo, akawauze eni ake. Tinaseka. Linali sabata loyamba.

## Lachisanu

Linali Lachisanu la sabata lachiwiri, cha m'ma 17 koloko, mvula yowaza ija imene simaleka. Ndinkachokera mbali ya ku Kalingalinga kukatenga chitenje kwa telala, ndikuthamangira ku Chelstone kuti ndikapeze ana asanayambe kudya zosayenera. Chimangireni milatho ya pamwamba ija ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali, opitirira amadutsa m'mwamba, koma ife olowa ndi otuluka timakumanabe pansi, pa raundabauti, ndipo nthawi ngati imeneyo aliyense amakhala wapsa mtima.

Lamulo la pa raundabauti aliyense amene anatenga laisensi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, amalidziwa: amene ali kale mkati, wochokera kudzanja lako lamanja, ndiye woyamba. Iwe dikira.

Kumanja kwanga kunkabwera Corolla yakale kwambiri, yoyera koma yoyamba kuchita chikasu, ikuyenda pang'onopang'ono ngati yanyamula madzi m'beseni. Ndinaiona. Ndikubwereza chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani: ndinaiona bwinobwino. Mumtima ndinati, aima. Masiku khumi onse aja aliyense ankaima. Ndinaponda mafuta.

Sanaime. Analibe chifukwa choimira.

Mkati mwa Prado kugundako kunamveka ngati wina watseka chitseko mwamphamvu kuchipinda china. Koma Corolla ija ndinaiona ikutembenuka chammbali, thako lake likuterereka pa phula lonyowa mpaka inaima itayang'ana kumene inachokera. Chitseko chake chakumbuyo, mbali ya kumanzere, chinali chitalowa mkati ngati chitini chopondedwa.

Ndisanamasule lamba anthu anali atafika kale. Sindidziwa kumene amachokera, koma pa Lusaka ngozi siyisowa mboni. Anyamata oitanira minibasi, ogulitsa chimanga chootcha, wina wonyamula maambulera ogulitsa, onse anatizungulira. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera.

Mu Corolla munatuluka bambo wachikulire, wamtali, wowonda, atavala jekete la suti lopanda thalauza lake. Sanayang'ane galimoto yawo. Anabwera molunjika kutsogolo kwa Prado, anawerama kuyang'ana bampala, pamene panali kamzere koyera kotalika ngati chala. Kenako anavula chipewa.

"Pepani amayi. Pepani ndithu. Sindinaone bwino, mvulayi."

Anyamata aja anayamba.

"Mudala, simuona? Muzalipila na chani?"

"Laiti imozi chabe ya iyi ni mutengo wa ka motoka kanu konse!"

"Nkhalamba zizinkhala pa nyumba!"

Wina anafika pondigwirira ambulera. Ine woponda mnzake ndinaima pouma, agogo aja ali pamvula, chipewa chili m'manja.

Tsono apa ndi pamene anzanga a kwaya sanamvepo, chifukwa ndimadumphapo. Ndinakhala chete. Osati chifukwa cha mantha okha. Mutu unkagwira ntchito bwino lomwe. Ndinkawerengera: galimoto ndi ya eni, alamu ndikawauza chiyani, a inshuwalansi adzafuna ndiwonjezere zingati, fizi ya ana ndalipira kumene. Ndipo kamawu kena kanati, munthuyu wavomera yekha, mboni zonsezi zili mbali yako, ungonena kuti "basi agogo, zachitika, pitani", udzaoneka wachifundo, aliyense akakonze yake. Ndikanachita zimenezo anyamata aja akanandiombera m'manja.

Sindidziwa kuti ndinakhala chete nthawi yaitali bwanji. Mwina mphindi ziwiri. Zinali zokwanira kuti agogo aja apepese kachitatu.

Kenako galasi la pachitseko chakutsogolo cha Corolla linatsika, lochita kupukusa ndi dzanja, likulira. Munali mayi wachikulire, duku kumutu, pamiyendo atanyamula mathireyi a mazira. Kumpando wakumbuyo kunali mathireyi ena ambiri, ndipo zimene zinali mmenemo zinkayenderera pansi pa chitseko chophwanyika chija, zachikasu, kusakanikirana ndi madzi amvula. Dzira lina linawaswekera pachifuwa. Sanalipukute. Sanakweze mawu. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chichewa chenicheni cha kwathu, chimene sindinkayembekeza kuchimva pansi pa mlatho wa Munali:

"Mwanawe, kodi unationa?"

Masiku khumi onse ndinali "bwana", ndinali "madamu". Uyu anandiitana monga akanandiitanira amayi anga atandipeza ndikuba ndiwo mumphika. Ndipo sanafunse kuti walakwa ndani. Funso limenelo ndikanalizemba. Anafunsa chinthu chimene ndinkachidziwa ine ndekha.

"Ndinakuonani, amayi."

"Nanga?"

"Ndinaganiza kuti muima."

Anagwedeza mutu pang'ono, n'kuyamba kuchotsa zikhokhombe za mazira pachitenje chawo, chimodzichimodzi.

Ndinatembenukira kwa agogo aamuna n'kuwauza kuti avale chipewa, wolakwa ndine, iwo anali kale mkati. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china.

Gulu lija linatembenuka nthawi yomweyo ngati nsima yopakulidwa. Yemwe uja wa ambulera anaichotsa pamutu panga.

"Apamwamba aba! Baganiza musewu ni wao!"

"Bagula ma laisensi!"

"Ni motoka ya amuna bake, sadziba na kuyendetsa!"

Anthu omwewo, pakamwa pomwepo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona mmene zinachitikira, ndipo palibe amene anafunsa. Poyamba anaweruza poyang'ana kukula kwa galimoto, kachiwirinso anaweruza poyang'ana kukula kwa galimoto komweko. Zoti ine ndi mayi wa ka Vitz wa ku Chelstone amene akubwezabe ngongole palibe akanakhulupirira, ndipo sindinayese n'komwe kunena.

## Kwa wowongola zitsulo

Za lipoti la apolisi ndi mapepala a inshuwalansi sindikutayitsani nazo nthawi, zinayenda monga zimayendera. Alamu nditawaimbira anangofunsa ngati pali wovulala, kenako anati bampala ndi pulasitiki, tidzaona akabwera. Mazira ndinalipira ndekha tsiku lomwelo, mathireyi khumi ndi anayi.

Corolla tinakaisiya kwa wowongola zitsulo wina amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Ndinafika pa Prado, ndipo mtengo umene ananditchulira unandikhazika pansi. Mawa lake bambo a kunyumba anapita pa minibasi kukafunsa za chitseko chomwecho, mtengo unatsika ndi theka.

Koma munthuyo ntchito yake amaidziwa, ndipo anandionetsa chinthu chimene sindinachiganizepo. Anagwada pambali pa Corolla n'kugogoda ndi sipanala chitsulo chokhuthala chimene chimayenda m'munsi mwa zitseko. Anati mphamvu ya galimoto yaing'ono ikagundidwa m'mbali ili pamenepo. Vitz ikanagunda, bampala yake ikanakumana ndi chitsulo chimenecho. Prado ndi yaitali, inadutsa pamwamba pake n'kulowa pachitseko penipeni, pamene pali lata ndi galasi basi. Anaika dzanja lake pamene panathera chibowocho, kenako analowetsa mutu mkati n'kundionetsa kuti pamenepo m'pamene pamakhala nthiti za munthu wokhala kumbuyo.

Anawonjezera kuti Prado imalemera kupitirira matani awiri, pamene Corolla yakale ngati ija ili cha pa tani imodzi. Ziwiri zikagundana, yopepukayo ndi imene imakankhidwa kwambiri, ndipo anthu a mkati mwake ndi amene amalandira kugwedezeka konseko. N'chifukwa chake ine ndinamva ngati chitseko chatsekedwa, pamene amayi aja khosi linawawawa sabata lathunthu.

Tsiku limenelo kumbuyo kunali mazira. Agogo anandiuza kuti masiku ena kumakhala mdzukulu wawo.

## Chimene anapepesera

Tinakhala pabenchi ndi agogo aamuna tikudikira kuti chitseko chipakidwe penti. Anali mphunzitsi wa pulayimale, kwawo ndi ku Chadiza, anapuma ntchito kalekale. Corolla anaigula ndi ndalama za penshoni, ndipo ndi imene imanyamula mazira a nkhuku zawo kuchokera ku Chongwe kupita kumagolosale a ku Kaunda Square ndi Mtendere. Akhala akuyendetsa galimoto zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala pabanja.

Ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa tulo. "Abambo, munkadziwa kuti simunalakwe. Munapepeseranji?"

Anaseka pang'ono. Anati ankadziwa bwino lomwe. Koma galimoto yakuda, yaikulu, ya magalasi akuda, sudziwa kuti mutuluka ndani. Mwina ndi munthu woti akangoimba foni kamodzi, iwe ugona kumene sunakonzekere. Anati asanatsike anayang'ana kaye nambala kuti aone ngati ndi GRZ, nambala ya boma. Ataona kuti si ya boma mtima sunatsikebe, chifukwa ena oopsa kwambiri amayendera nambala wamba. "Ndiye ndinati ndiyambe ndine kupepesa. Kupepesa sikudula, mwanangu. Chitseko ndikanamanga ndi waya."

Akanamangadi ndi waya. Mwaziona inunso mumsewu galimoto zoterozo, chitseko chomangidwa ndi waya kapena lamba, ndipo timaziseka kuti eni ake ndi osasamala.

Ndinaganiza za dzanja langa lija limene ndimakweza mu Vitz pothokoza anthu amene sanandipatse kanthu. Ndi chipewa chomwecho, kungoti changa sindivula.

## Osandimva molakwa

Sindikunena kuti aliyense wa galimoto yaikulu ndi wamwano. Alamu anga ndi munthu wofatsa kuposa ine, ndipo Prado sanaigulire matama. Amene anayesapo kulowa ku Kanyama mu February, madzi atafika m'mawondo, amadziwa chimene munthu amafunira galimoto yaitali. Tikamapita ku Kulamba ku Mkaika mu August, ka Vitz kamafika pa Katete bwinobwino, makilomita pafupifupi 500 a phula, koma kukhotera kumudzi kwa amayi timakasiya pa sitolo n'kukwera njinga zamoto. Misewu yathu yambiri imachita kukukakamiza kulota za Hilux.

Palinso ena amene amagula yaikulu chifukwa cha mantha. Mnzanga wina kuntchito anagulitsa Honda Fit atapanikizidwa ndi lole mu Kafue Road, anati sadzakweranso chinthu chimene anthu sachiona. Ndimamumvetsa. Kungoti iye akakwera pamwamba, wotsala pansi ndine, ndipo tsiku lina nanenso ndidzafuna kukwera.

Komanso ndisadziyeretse ndi ka Vitz kanga. Pansi pa ine palinso ena. Pali bambo wa njinga amene wasanja matumba a makala mpaka kupitirira mutu wake, akutsetsereka m'mawa kuchokera ku Chongwe. Pali mayi wa mwana kumsana amene waima pakati pa Great East Road, pamzere woyera, magalimoto akumupita uku ndi uku. Kangati ndamuimbira hutala wa makala uja kuti atsike pa phula, ndikudziwa kuti kumbaliko kuli dzenje? Iye akandiona amaona chi motoka. Zimenezi ndinazizindikira mochedwa, ndili pabenchi lija, penti ikununkha.

## Kubweza makiyi

Masiku otsalawo Prado ndinkaiyendetsa ngati ndanyamula mazira a eni. Ndinkatsitsa galasi pofika pa mphambano kuti anthu aone kuti mkati muli munthu, ngakhale mvula inkalowa. Ndikaima kuti wina adutse ankakayika, ndimachita kumukodola kawiri, ena mpaka ankakana n'kundilozera kuti ndidutse ndine. Kumbuyo kwanga palibe amene ankaimba hutala ngakhale ndiime nthawi yaitali bwanji.

Alamu atabwera anayang'ana kamzere ka pabampala, anakapukuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu, theka lake n'kuchoka. Inali penti ya Corolla.

Sabata lomwelo mnyamata wina anafika pageti kunyumba ndi thireyi ya mazira, anati atumidwa ndi agogo a ku Chongwe. Ndinayesa kumupatsa ndalama, anakana, anati amuuza kuti akalandira asabwerere kunyumba. Mazirawo anakhala pamwamba pa firiji masiku atatu ndisanalole kuti ana awakazinge.

Lolemba ndinatenga ka Vitz kwa makaniko. Nditakhala pampando ndinamva ngati ndakhala pansi pa mphasa. Pa Munali ndinalowa mu raundabauti mpata uli wanga, kumanzere kukubwera Hilux yoyera, ndipo phazi langa linapita lokha pa buleki. Hilux ija sinaime. Dzanja langa ndinalipeza lili kale m'mwamba.

Kuntchito mlonda anatsegula geti mbali imodzi, n'kubwera ndi buku lake, cholembera chili chomangirira ku ulusi.

"Lembani, amayi." Anasuzumira mkati, kenako kumbuyo kwanga. "Nanga chi Prado chija?"

"Chinali cha eni, abambo."

Anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale, n'kundilozera poimika kumapeto, pafupi ndi ngalande.